Madzi onditsanzikira andiphera kompyuta

Aphungu,

Ndikukulemberani nditakhala pa katoni, foni ili pabondo, chifukwa mpando wanga ndi desiki zili kale kumzinda wa Plovdiv pomwe mwiniwakene ndikadali kuno kwathu, m'tawuni ya Vidin. Sindikudziwa ngati ndizitsatire kapena ndiuze wagalimoto azibweze. Mutu wanga waima.

Ndine mtsikana wa zaka 25. Ndinaphunzira zojambula mapulani a nyumba ku Sofia, likulu la dziko lathu, ndipo ndinakhoza bwino, osati mongodutsa ayi. Ntchito itasowa ndinabwerera kwa amayi, m'chinyumba chathu chosanja chomwe theka la mawindo ake linasiya kalekale kuyaka nyale. Ofesi yanga inali khonde lathu lotchingidwa ndi magalasi. Mbali ina mabotolo a amayi a tsabola wowotcha, mbali ina ine, desiki, pulinta ndi kompyuta. Nyengo yozizira ndinkajambula nditavala magolovesi odula zala. Ndipo ndinkajambula chiyani? Magalaji. Mipanda ya manda. Mkulu wina anandijambulitsa khola la nkhunda n'kundithokoza ndi botolo la kachasu wa mphesa. Anzanga a m'kalasi akumanga zipatala kunjaku, ine ndikuyeza pogona nkhunda.

Ndiye kampani ina ya ku Plovdiv itandiyankha, ndinaona ngati wina wanditsegulira zenera. Anandipatsa ntchito yondiyesera, kujambula momwe sukulu yakale ingasandukire nyumba yoti ana aziwerengeramo mabuku. Ndaigwira chilimwe chonse. Anati ndikaionetse kumapeto kwa mwezi uno, akakhutira basi ndalembedwa. Sindinafune kudikira. Ndinapeza kachipinda ka lendi komweko, n'kupangana ndi bambo Stoimen, omwe amasamutsa anthu ndi galimoto yawo.

Kulongedza ndinalongedza ndekha, ndiponso mothamanga. Makatoni a nthochi ndinakapempha kusitolo yapansi. Mawaya ndinangowazula osayang'ana kuti ili likuchoka pati, n'kuwaunjika ngati matumbo. Mapulani a makola aja ndinawang'amba ndikumwetulira. Amayi ankangozungulira pakhomo la khonde, apa abweretsa bulangete lokutira pulinta, apa mabotolo a tsabola.

"Amayi, ku Plovdiv tsabola aliko," ndinawauza.

"Alikodi," iwo anatero, "koma wowotcha ndani?"

Katoni yomaliza ndi imene ndinkainyadira. Ndinaikamo kompyuta yanga ya m'manja, kabokosi kakuda kolumikiza kukompyuta kosungira makope a ntchito zanga zonse, ndi mapulani a sukulu ija osindikiza kale pamapepala aakulu. Ndinati zofunika zonse zikhale pamodzi zisasochere. Ndinadziona wanzeru. Pamwamba ndinalembapo kuti OSAKHUDZA, ndipo ngakhale bambo Stoimen ndinawakaniza kuinyamula.

M'mawa wa tsiku losamuka chikepe chinali chakufa monga mwa masiku onse, choncho zonse zinatsika pamasitepe. Zina zonse zitakwera m'galimoto, ndinatulutsa katoni ija n'kuiika pansi kunja kwa chitseko, pamwamba pa masitepe, ndithamange kukatenga jekete. Pamene ndinkatuluka, amayi anali atandidikira kuseri kwa chitseko.

Inu mukudziwa, Aphungu, kwathu kuno munthu sanyamuka ulendo waukulu osathiridwa madzi kutsogolo kwa mapazi. Koma amayi sanatenge kakapu. Anatenga mphika wamkuwa wa malemu agogo, waukulu uja wophikira jamu, wodzaza ndendende.

"Zikuyendere ngati madzi, mwana wanga!"

Khwaa! Simenti ya pamenepo ndi yotsetsereka kulowera kumasitepe. Madzi onse anathamangira pa katoni yanga. Ndipo makatoni a nthochi, amene simunawayang'ane kunsi, ali ndi chibowo chachikulu pansi chongotsekedwa ndi kapepala. Kompyuta ndinali nditaigoneka pansi penipeni.

Azakhali Ginka a khomo loyang'anizana ndi lathu anali ataima pakhomo pawo ndi ndudu. Anaseka. "Iwe Tsvetana, ukutsanzika mwana kapena ukuzimitsa moto? Ameneyu madzi amenewa amukokolola mpaka kunyanja!"

Bambo Stoimen anakuwa ali pansi: "Kumwambako mwaphulitsa paipi? Chipewa changa chanyowa kuno!"

Ine sindinaseke. Ndinang'amba tepi, ndinatulutsa kompyuta ikudontha, ndinaipukuta ndi jekete n'kuiyatsa pomwepo kuti ndione ngati ili moyo. Inawala kamodzi, kunamveka kafungo ka waya wopsa, basi mdima. Mapepala aja anali atamwa madzi, inki ikuyenderera.

Zimene ndinalankhula ndikuuzani momwe zinalili. Ndinakuwa kuti, "Zikhulupiriro zanu zomwezi ndi zimene zapha tawuni ino! Madzi, madzi, madzi! Abambo munawathira madzi popita ku Germany, anabwerako? Anakapeza mkazi wina! Achimwene munawathira, amakuimbirani kangati? Lero mwati mumalize ine!"

Azakhali Ginka anazimitsa ndudu, analowa m'nyumba mwawo n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Amayi anangoima, mphika uli m'manja, masilipasi atanyowa. Kenako anati, mawu ali pansi:

"Rali, sindithira kuti mubwerere. Ndimathira kuti mukafike."

Analowa m'nyumba. Pansi paja bambo Stoimen anayamba kuliza hutala. "Mtsikana iwe, ndili ndi firiji ya eni ake m'galimoto muno, tikupita kapena tikusamba?" Ndinawauza kuti apite, akasiye katundu kwa mwini nyumba ku Plovdiv. Ine ndinakhala pamasitepe onyowawo ndi katoni yanga.

Kuyambira pamenepo nyumba yathu ili ngati pamaliro. Amayi sakundikalipira, bola akanatero. Amangoti "chakudya chapsa," basi. Kompyuta anaikwirira mumpunga, m'chiwaya chowotchera nyama, akuti anamva kuti mpunga umayamwa madzi. Mapulani anga amawasita ndi simbi atayala kansalu pamwamba, pepala limodzilimodzi, n'kukawayanika pachingwe cha pakhonde pomwe amayanikapo tsabola. Ndikawaona atawerama pamapepalawo, magalasi ali pamphuno, akuyesa kuwongola zinthu zomwe sakuzimvetsa n'komwe, ndimafuna kukuwa, komanso ndimafuna kulira, ndiye ndimangotuluka.

Dzana ndinawamva akulankhula ndi azakhali Ginka pakhomo. "Tenga mphikawu, Ginka, usaubweze. Dzanja langali ndi loipa. Aliyense amene ndamuthira madzi, china chake chimawonongeka." Azakhali anati, "Usapenge iwe, ndiphikiramo chiyani ine wa chitofu cha diso limodzi?" Komabe anautenga.

Kabokosi kakuda kaja sindinakalumikize kulikonse, ndikuopa kumva kafungo kaja kachiwiri. Kukampani sindinaimbe. Ndikanene kuti chiyani? Kuti wojambula mapulani amene akufuna kumupatsa nyumba za anthu walephera kusamutsa katoni imodzi?

Aphungu, ndatopa. Ndinkadziuza kuti ine ndine wosiyana, sindidzakalambira pakhonde lija pakati pa mabotolo. Tsopano ndikuona ngati tawuni ino imadziwa kugwira anthu ake m'miyendo. Mwina ndinabadwira makola a nkhunda. Kupita chimanjamanja ndikuchita manyazi. Kusiya amayi momwe alilimu sindingathe, koma kuwayang'ana kumaso sindikuthanso. Kodi ndiitanitse desiki yanga ibwerere pakhonde, ndiiwale za Plovdiv?

R.K., Vidin.

Mwana wanga R.K.,

Desiki isiye komwe ili. Ndayamba ndi zimenezi kuti usawerenge yankho lonseli mtima uli m'mwamba.

Tsopano ndikuuze zowawa. Madzi ananyowetsa kompyuta yako, koma chimene chinaipha ndi chala chako. Chipangizo chonyowa sayatsa. Ndipo madziwo sanakudzidzimutse ngati mvula. Tsiku loyamba kupita kusukulu, mayi ako anathira pati? Popita kukalemba mayeso? Popita ku Sofia? Pamalo omwewo, kutsogolo kwa chitseko chomwecho. Iwe wojambula mapulani, wodziwa komwe simenti yatsetsereka, unatenga katoni yobowoka pansi n'kuiika panjira ya madzi omwe wakhala ukuwalumpha moyo wako wonse. Mtima wako unali utafika kale ku Plovdiv, moti unaiwala kuti mapazi akadali pakhomo pa mayi ako. Sindikunena izi kuti ndikupondereze. Ndikufuna uchotse mlanduwu pamutu pa munthu wosalakwa.

Za ntchito si zoopsa monga ukuganizira. Kompyutayo ichotse mumpunga, mpunga ndi wodya. Iyo ndi kabokosi kako upite nazo kwa katswiri wodziwa kupulumutsa mafayilo, ndipo ukamuuze zoona, kuti unaiyatsa ili yonyowa. Kawirikawiri makina amafa koma mosungira zinthu muli bwinobwino. Sindikulonjeza, koma mantha ako okana kulumikiza kabokosiko ndi chinthu chanzeru kwambiri chimene wachita m'nkhani yonseyi. Fufuzanso m'makalata a pa intaneti omwe unatumizapo anthu chilimwechi, sungalephere kupezamo zidutswa za ntchitoyo. Mapepala amene mayi ako asitawo uwayale pansi masana, uwajambule ndi foni. Inki yayenderera, koma miyezo yambiri ikuwerengekabe, ndipo nyumba imene unaijambula kamodzi ili m'mutu mwako. Kachiwiri sidzakutengera chilimwe chonse.

Kukampani imba lero, osati mawa. Unene mwachidule kuti makina ako anyowa posamuka, uli ndi zakutizakuti, ukupempha masiku ochepa owonjezera. Usalire, usaname, ndipo mayi ako usawatchule. Anthu omanga nyumba amadziwa kuti madzi amalowa pomwe sanaitanidwe. Chimene amayang'ana ndi momwe munthu amachitira zinthu zikavuta. Kukhala chete ndiko kungakuchotsere mwayiwu.

Ndipo uphunzirepo, poti udzasamukanso. Ntchito ndi kope lake siziyendera katoni imodzi. China chikhale m'chikwama kumsana kwako, china m'thumba la jekete kapena pa intaneti. Makatoni a nthochi ndi abwino kunyamulira mabuku, koma uziyamba wayala chikatoni china pansi. Mawaya uziwajambula ndi foni usanazule, apo ayi ukafika ku Plovdiv ukatha tsiku lonse ukutukwana pansi pa desiki.

Tsopano zenizeni. Kompyuta ina udzagula, koma mawu aja ukadali nawo m'nyumba. Taganiza. Mayi ameneyu anatsanzika mwamuna wake pakhomo limenelo, anatsanzika mwana wake wamwamuna, ndipo m'mawa umenewo ankatsanzika munthu womaliza wodya naye patebulo. Akanatha kudwala mwadala. Akanatha kukuuza kuti ukawasiya afa. Ambiri amatero, makalata awo ndimawalandira. Koma mayi ako anakatenga mphika waukulu kuposa yonse m'nyumbamo n'kuudzaza mpaka m'milomo. Unaona kuchuluka kwa madzi, sunaone chimene ankabisa m'menemo.

Ukawapepese, ndipo usakayambe ndi "ngati ndinakulakwirani." Ukatchule zimene unanena za abambo ako ndi achimwene ako, ukanene kuti zinali zabodza komanso zankhanza. Popeza unanyoza mayi ako azakhali Ginka akumva, azakhali Ginka amvenso kupepesako. Mwina sakakuyankha tsiku lomwelo. Khala nawo pansi, gwira mbali ina ya pepala pamene akusita. Ndipo mabotolo a tsabola aja utenge, onse amene angakwane m'chikwama.

Chenjezo langa ndi ili. Usakhale ku Vidin ngati njira yolipira mlandu. Ukabweza desiki ija pakhonde, m'mawa uliwonse mayi ako azidzakuona utakhala pakati pa mabotolo n'kumati, "Ndi dzanja langa lija." Ukhala wawalanga kawiri, ndipo pakatha zaka iweyo udzayamba kukhulupirira zomwezo.

Choncho tsiku lonyamuka, kagogode kwa azakhali Ginka ukatenge mphika uja. Udzaze wekha pampopi, mpaka m'milomo. Chikwama chikhale kumsana, pansi pasakhale kanthu. Uwapatse mayi ako mphikawo m'manja, uime pakhomo, uwauze kuti sukutsika masitepe amenewo ali ouma.

Nsapato zikaumira m'basi.

Aphungu.