Ana Atatu Amene Simunawatchule

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Ndiyambe ndi nkhani yabwino, monga inalembedwera m'kabuku ka kusikelo ka mdzukulutuvi wanu. Anamwino anafunsa ngati m'banja mwathu muli matenda a kumtundu, ndipo analemba ndi dzanja lawo labwino kuti palibe. Choncho, malinga ndi boma, mtundu wanu ndi wa magazi abwino. Anamwino sanalakwe ayi. Analemba zimene ndinawauza ine, ndipo ine ndinanena zimene munandiuza inu.

Mwanayo simunamuone. Anabadwa patatha miyezi isanu titakuikani, wamkazi, mwana wa Tiyamike wanga ndi Yohane. Tinamutcha Elida. Amayang'ana munthu mmene munkayang'anira mlaliki akatalikitsa ulaliki.

Mpunga chaka chino tapeza matumba asanu ndi limodzi, mbalame zitatenga gawo lake. Za chimanga musafunse, mbozi zinafika ife tisanapalire. Nyumba yanu ikudontha pakona pomwe munkaika wailesi, ndipo aliyense amene ndamuuza akuti abwera mawa. Achimwene Wayisoni akadali ku Joni, foni amayankha tsiku limene afuna. Ine maondo ayamba kundikumbutsa zaka ndikamakwera ku Mishoni Lamulungu. Koma zimene zanditopetsa si zimenezi.

Elida atakwana miyezi isanu ndi itatu, manja ndi mapazi ake anatupa. Timanja tija tinachita kuwala ngati wapaka mafuta, ndipo ukangomukhudza ankalira mpaka mawu kutha. Achemwali Felesiya anabwera, anamuyang'ana kamodzi, sanakhale ndi pansi pomwe. Anangoti Yohane wamusempha mwana. Mukudziwa kuti Yohane amatengera mpunga panjinga kupita nawo ku tauni, ndipo malonda akavuta amabwerako mawa lake. Kwa achemwali, umboni unakwana pomwepo: mwamuna wogona kunja, mwana wotupa. Anabweretsa mizu yawo, kutupa kunaphwa, iwo anati mwaona. Patatha milungu itatu kunabweranso, maso a mwana atasanduka achikasu, iwo anatinso mwaona, sanasiye. Mizu ikagwira ntchito, Yohane ndi wolakwa. Ikapanda kugwira, Yohane ndi wolakwabe. Anatumiza uthenga kwa ankhoswe kuti mkamwiniyu abwerere kwawo asanatiphere mwana.

Tinapita naye ku chipatala chachikulu ku Zomba, ine, Tiyamike ndi Yohane. Anamutenga magazi. Adokotala ake anali mtsikana wa msinkhu wa Tiyamike, wosapupuluma. Anati matendawa ndi sikoselo. Anajambula papepala kutionetsa kuti magazi a mwanayu amapindika n'kumatsekereza m'mitsempha, n'chifukwa chake amatupa ndi kumva ululu. Anati sabwera ndi chigololo kapena mchere. Mwana amabadwa nawo, akalandira mbewu yake kuchokera kwa bambo ndi kwa mayi omwe, pamene makolowo akuyenda bwinobwino osadwala.

Kenako anafunsa ngati makolo a mwanayu ali pachibale. Ine ndinayankha ndi mtima wonse kuti ayi. Nthawi yomweyo Yohane anandipatsa thumba la mwana n'kunena kuti, "Azakhali, tagwirani." Paja mpaka lero sadziwa kuti anditchule azakhali kapena apongozi, amasankha malinga ndi mmene nkhope yanga ilili. Adokotala anaika cholembera pansi. Ndinayamba kuwafotokozera, ngati ndikuphunzitsa mlendo, kuti Yohane ndi mwana wa achimwene anga, ndiye kuti si wa mbumba yathu, ndi wa kwa mayi ake ku Malemia, ndipo chisuweni si chibale choletsa ukwati. Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza. Kenako anati magazi sayendera kwa mayi kokha.

Ndinafika Folomu 4, amayi. Za mbewu zochokera kwa makolo awiri tinaphunzira, ndipo ndinakhoza. Koma zinatsala m'kope momwemo. Sindinaganizepo kuti zikunena za achimwene Wayisoni ndi ine.

Anatiyeza tonse atatu. Tiyamike ali nayo mbewuyo. Yohane ali nayo. Ine ndili nayo. Mu minibasi pobwerera ndinkangomva mawu anu a tsiku lija Yohane anayamba kuzungulira pakhomo pano: "Bola ameneyu, tinamusambitsa tokha, sangatidabwitse." Munasangalala ndi ukwati umenewu kuposa eni ake.

Adokotala anandipempha kuti ndikafunse kwa akuluakulu ngati kunali ana ena amene anamwalira ali aang'ono. Ndinawauza kuti amayi anga anabereka atatu ndipo tonse tilipo. Komabe ndinapita kwa mkulu wa mpingo amene amasunga mabuku akale a ubatizo, makamaka kuti ndikauze adokotala kuti ndinafufuza. Tinakhala pakhonde, tikutembenuza masamba odyeka ndi chiswe. Ndinapeza Felesiya. Pofuna kupeza Wayisoni, ndinapeza Lute, dzina la mayi ndi lanu, la bambo ndi la abambo. Pakati pa Wayisoni ndi ine pali Samisoni. Pambuyo panga, ine amene munkanditcha chitsirizira, pali Maliya. Pa mayina atatuwo wina anajambulapo kamtanda kakang'ono ndi pensulo. Mkulu wa mpingo anaona nkhope yanga n'kuyamba kukamba za mvula.

Za abambo munkanena chinthu chimodzi chokha: "Bambo ako anali woyendayenda." Mukatero munkayamba kupeta kapena kusesa, ife n'kudziwa kuti nkhani yatha. Ndinakula nayo nkhani imeneyi ngati mmene munthu amakulira ndi chipsera, osafunsa kuti chinabwera bwanji. Maliro awo sitinapite. Koma mlongo wawo akadali moyo, Abiti Kasimu, amagulitsa nsomba zouma pamphepete pa msewu wa ku Liwonde. Ndinakwera minibasi, kwinako ndinayenda pansi. Ndinawapeza akuthamangitsa ntchentche ndi kanthambi. Nditadzitchula, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wa achimwene anga," anatero. "Munadikira kuti mano anga athe kaye kuti ndisakulumeni?"

Anandipatsa mpando wawo, iwo anakhala pathumba. Anandiuza zonse mosakweza mawu. Anati ana atatu aja onse anayamba ndi kutupa manja ndi mapazi. Lute anafika zaka ziwiri, Samisoni zinayi, Maliya sanayende n'komwe. Pa woyamba anthu ananong'ona. Pa wachiwiri abambo anaitanidwa n'kudzudzulidwa. Pa wachitatu mbumba yanu inakhala pansi, anawapatsa khasu lawo ndi mphasa, n'kuwalozera njira. Abambo analumbira pa Baibulo, anthu anati munthu wobadwira ku mzikiti Baibulo silingamugwire. Paja anasiya Chisilamu kuti akwatire inu. Atabwerera kwawo, ku mzikiti anali munthu wa ku tchalitchi, ku tchalitchi anali munthu wopha ana. Anakhala akukonza njinga pansi pa mtengo mpaka imfa, osakwatiranso. Abiti anati nthawi zina ankaseka n'kunena kuti, "Mkazi amene akumunenayo ndikanamudziwa, bwenzi nditapita kukakhala kwa iye."

Ndisananyamuke anandiuzanso kuti mayi awo, agogo anga amene sindinawaonepo, anataya ana awiri mwanjira yomweyo. Kumeneko sankati tsempho, ankati ndi mfiti ya kutsidya. Mudzi uliwonse unali ndi munthu wake womuloza. Anandikulungira nsomba m'pepala, anakana kuti ndiwathokoze.

Ndinapita kwa achemwali ndi pepala la adokotala ndi mayina atatu aja. Ndinkaganiza kuti adabwa. Sanadabwe. Anali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene Maliya ankamwalira, ndipo ndi iwo amene ankamubereka kumsana inu muli kudimba. Anati kutupa kwa Elida anakuzindikira asanalowe m'nyumba, ndi kulira kokha. Anati munawaletsa kutchula ana amenewo, ndipo anamvera zaka zonsezi, osauza ngakhale amuna awo. Ndinawawerengera pepala lija pang'onopang'ono. Anati pepala silingawauze zimene maso awo anaona kawiri, kwa Yohane ndi kwa abambo, poti abambo ankagonanso kunja akapita kukagula nsomba ku Chilwa. Ndinati kugona kunja ndi kutupa kwa mwana n'zosiyana. Pamenepo anandiyang'ana.

"Ndiye ukufuna kunena kuti amayi anathamangitsa munthu wosalakwa? Ine ndinawanyamulira mphasa ija mpaka pamsewu."

Ndinaona kuti nkhani ya Yohane si ya Yohane yekha. Yohane akatsala, ndiye kuti abambo anapita pachabe, ndipo achemwali akhala zaka makumi anayi akudana ndi munthu amene ankawagulira nzimbe. Akufuna Yohane achoke kuti inu mukhale kuti munalondola.

Ankhoswe anabwera Loweruka lapitali. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa nyumba yanu. Yohane anali atamanga kale zovala zake m'thumba la feteleza, chifukwa mkamwini amadziwa mmene milandu yotere imathera. Tiyamike anakhala poteropo ndi mwana, osayang'ana aliyense. Kwa milungu ingapo iyenso anali atayamba kumufunsa mwamuna wake kuti ku tauni amagona kwa ndani. Achemwali analankhula nthawi yaitali, ndipo analankhula bwino. Itafika nthawi yanga ndinayamba ndi pepala la chipatala, koma ndinaona kuti amalume ake a Yohane akungogwedeza mutu mwaulemu, monga amachitira anthu pamsonkhano wa alangizi. Ndiye ndinapinda pepalalo n'kutchula mayina. Ndinati Lute, Samisoni, Maliya. Ndinati mbumba ino inathamangitsa kale mwamuna mmodzi chifukwa cha matenda amenewa, ndipo matendawo sanapite naye, anatsala mwa ine ndi mwa achimwene, ndipo ndi ife tinawapatsa ana athu.

Mundikhululukire, amayi. Ndikudziwa kuti simunafune kuti mayina amenewa amveke pabwalo.

Achemwali anaimirira, anakutumula chitenje n'kumapita. Ankhoswe ananong'onezana, kenako anagamula mmene amagamulira anthu ofuna kukafika kwawo dzuwa lisanalowe: Yohane akhale kaye, mwana azimwa mankhwala a ku chipatala, tione mmene zikhalire. Si kupambana kumeneko, ndi kungoimika kaye. Mwana akadzatupanso, ndipo adokotala akuti adzatupanso, nkhaniyi idzadzuka. Yohane akudziwa. Thumba lija silinamasulidwe, lili kuseri kwa chitseko, amangosololamo malaya amene akufuna kuvala. Achemwali sakundilankhula. Popita kumjigo akuzungulira kuseri kwa khola la mbuzi kuti asadutse pakhomo panga.

Sindikukuimbani mlandu. Munaika ana atatu m'manda musanafike zaka makumi atatu, ndipo anthu onse amene munkawakhulupirira anakuuzani chinthu chimodzi. Kaya abambo anali woyendayenda kaya ayi, sindikudziwa, ndipo palibenso wondiuza. Chimene ndikudziwa n'chakuti ana aja sanawaphe ndi miyendo yawo. Mbewu ija inali mwa iwo ndi mwa inu mofanana. Ngati kumeneko mumaonana, nkhaniyi muikambe nokha, ine yandikulira.

Elida akumwa timapilisi take tsiku ndi tsiku, amagona m'neti, ndipo kukazizira timamuveka ngati akupita kuphiri. Mwezi uliwonse timapita naye ku Zomba. Wayamba kuima atagwira mpando.

Dzulo Tiyamike anandiuza tili kumtsinje kuti ali ndi pakati pa miyezi itatu. Adokotala anatiuza kale kuti kwa iye ndi Yohane, mimba iliyonse ili ngati kutola nyemba imodzi m'khoko la nyemba zinayi, imodzi mwa izo yofumbwa. Achemwali sanamve. Akamva adzawerenga miyezi n'kupeza mlandu wina.

Ndatopa, amayi, koma ndikulonjezeni chinthu chimodzi. Mwana ameneyu akabadwa, kaya adzatupa kaya sadzatupa, bambo ake adzakhala pakhomo pano, ndipo ine ndili moyo palibe amene adzanyamule mphasa ya Yohane kupita nayo kumsewu. Ndimakukondani monga kale, mwinanso kuposa, popeza tsopano ndadziwa zimene munkasesa pabwalo paja.

Ndine mwana wanu,
Enelesi,
wachisanu mwa ana anu asanu ndi mmodzi.