Chingwe cha Atate

Amayi,

Kodi mwadzuka bwanji kumeneko, ngati nakonso kumacha? Kuno tilipo. Mtedza wachita bwino chaka chino, chimanga chokha ndicho chinagwa ndi chiswe kumunsi kwa munda. Ine ndinachira nthawi yokolola, mwana wamkazi. Aliyense akuti mphumi ndi yanu.

Nkhani yaikulu ndi ya atate. Titameta maliro anu, amalume anati awasudzule, abwerere kwawo ku Vubwi, poti mkamwini sakhalitsa pamudzi mkazi atapita, komanso maso awo aja tsopano azimiratu. Ndinati atate asamukire m'nyumba mwanga, anakana. Anati mapazi awo amadziwa bwalo lanu lokha, kwina kulikonse akagwera m'dzenje. Mtima unandiwawa, Amayi.

Ndiye amuna anga anapota chingwe cha khonje, n'kuchimanga pamitengo kuyambira pakhomo mpaka kuchimbudzi, china mpaka kunkhokwe. Dzanja likakhudza mfundo imodzi ndiye kuti pali muzu, zikakhala ziwiri ndiye kuti afika. Alongo anga a kumigodi anatumiza wayilesi ya batire, yooneka ngati poto. Atate amaipatsa moni m'mawa, ikamalankhula amaiyankha, ikayamba kuimba amaiuza za inu. Paja munkati, “Atate akowa akadzasowa wowamvera adzacheza ndi nkhuku.” Nkhuku zapulumuka, akucheza ndi chitsulo.

Amalume anabwera kudzaona okha. Anakhala pansi, kuyang'ana atate akutsata chingwe, kutapa chimanga, kubwerera osapunthwa. Potsanzika anangoti, “Asiyeni alamu anga akhale.”

Koma atate anapempha chingwe chachitatu, chofika pamtengo wa mango paja munkasinjira. Palibe chimene amakatengako. Amangoima kumapeto, atagwira mfundo, kumamwetulira.

Dzana ndinalota chingwecho chitapitirira mtengo uja, kudutsa kudimba, kulowa m'nkhungu. Inu munali kutsidya mutachigwira, mutavala zoyera zanu za kutchalitchi, mukuseka monga munkachitira atate akasochera m'nyimbo. Ndinadzuka m'manja mwanga mukununkha khonje.

Ndikudziwa mwawasowa, iwonso akusowani. Koma musakoke msanga, Amayi. Dikirani mwanayu ayambe kuyenda, awagwire chala, adutse nawo pabwalo lanu kamodzi kokha. Ine ndikulonjeza kuti chingwe chikaola ndi mvula tidzapota china, ndipo phala lawo silidzafika lozizira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinala