Kex wa Maud

Lolemba, 6 Okutobala
Mvula. Bondo kulira ngati chitseko. Ogden wosema miyala akuti mwala wa pamanda a Maud ausalaza kale, kwatsala mawu, awafuna Lachisanu. Ndamuuza alembe kuti "Maud Tasker, mkazi wa Kex wake." Ndimo ankandiitanira mayiyo chiyambire chibwenzi. Kex, tiyi wapsa. Kex, vula nsapatozo. Tanthauzo sindinafunsepo. Wokupatsa tiyi sumupanikiza ndi mafunso.

Lachiwiri, 7 Okutobala
Abusa akana. Pamanda a tchalitchi salola mawu amene iwo sakuwadziwa. "Pokhala ndinu, bambo Tasker, mwina ndi mwano." Nkhani ya chule uja ndinawaikira m'chipewa sanaiwalebe! Ndati ndi Chilatini, ndiye kuti mkango. Atsokomola, ati ndibwere ndi umboni.

Lachitatu, 8 Okutobala
Pa basi mpaka ku laibulale. Mayi wa kumeneko watsegula chibuku cholemera ngati nkhumba. Kex: phesi louma la zomera za m'mbali mwa msewu, lamphako mkati. Mawu akalekale, a kumidzi. Kumene anachokera, ngakhale ophunzira akungokanda mutu. Ndati ayang'anenso, mwina mkango uli kuseri kwa tsamba. Mulibe.
Louma. Lopanda kanthu mkati. Zaka zonsezi, Maud?
Pobwerera sindinanyogodole munthu. Woyendetsa basi wafunsa ngati ndikudwala.

Lachinayi, 9 Okutobala
Kwa mlamu wanga Ivy, mng'ono wake wa Maud. Ndimati ndisinthe mawuwo, alembe "wokondedwa" ngati anzathu onse. Ivy waseka mpaka mano oikirira kugwera m'mbale. "Alamu, mwakalamba nawo uchitsiru! Tili ana tinkadula kex n'kupanga zitoliro. Tsiku lomwe Maud anakuonani ku dansi anandinong'oneza kuti, taona uyo, woonda, m'mutu mopanda kanthu, koma kungomuuzira pang'ono nyimbo sizitha. Ameneyo ndi wanga, usamuyandikire."
Ndadya makeke ake atatu. Olimba ngati mwala wa Ogden.

Lachisanu, 10 Okutobala
M'mawa ndadula phesi kuseri kwa tchalitchi, ndaliboola, chitoliro chatheka. Umboni ndakauliza pafupi ndi khutu la abusa. Tiyi yense pa malaya awo. Avomera, bola ndituluke. Ogden wayamba kusema K.
Masana chitoliro chija ndakamulizira Maud kumanda. Chalira kamodzi, bwinobwino. Kachiwiri mlomo wakana, ukungonjenjemera.
Ndi mphepo imeneyi basi.