Nkhuyu za ku Kabulonga

Kabulonga, Lusaka
9 Febuluwale 1974

Alamu anga a Abdul Hamid,

Salaamu. Ife tilipo, kaya inu ku Mangochiko?

Mkuyu wachizungu umene ndimasamala kuno kwa abwana unabereka. Ndinawauza kuti nkhuyu imapsera mumtengo: imayamba ndi utomoni, kenako imafewa, shuga n'kudzaza mkati. Ukaithyola yaiwisi siitsekemeranso. Iwo anati, "Iwe Omali, tyola chabe, zizapsa mu kabati monga nthochi." Iwo ndi akuluakulu kuchipani, ine mlendo, ndikanatani? Zonse zinafota.

Mwana wathu wamkazi Nuria abwana amusiyitsa sukulu, akuti azithandiza m'nyumba mwawo. Adona, akazi awo, ali ku Ndola. Dzulo Nuria anabwera atavala nsapato zatsopano, osandiyang'ana kumaso.

Atsibweni ake ndinu, bwerani msanga. Ine kuno ndimangothyola zimene andiuza.

Mlamu wanu,
Omali