Nkhope pa thabwa la tebulo

Lolemba, 3 Juni
Kwabwera mayi wamasiye ndi mwana wawo wamkazi. Thabwa limodzi, lolimba, lochotsa pa tebulo lomwe malemu amuna awo ankadyerapo. Akufuna ndisemepo nkhope ya malemuwo, yotumphuka, pa makina athu osemera oyendera kompyuta. Chithunzi nachonso chimodzi. Ndikalakwitsa, lina kulibe. Abwana akuti, "Mangirira biti yaikulu yamutu wobulungira, makina asagonere ntchito imodzi." Biti ndi kachitsulo ka pa makina kamene kamadya thabwa. Ndavomera pakamwa, mtima ukukana. Ambuye, mundikhululukire.

Lachiwiri, 4 Juni
Ndayesera pa zidutswa zotsala. Biti yafulati, yamutu wophwatalala, ndi yokumba basi, imasiya masitepe, mphuno ngati makwerero. Yobulungira yaikulu yatsatira pambuyo, zodabwitsa! Makwinya onse afufutika. Munthu wa imvi wasanduka mnyamata wa kwaya. Mutu wa bitiyo ndi wonenepa, sungalowe m'timizere ting'onoting'ono, umangodutsa pamwamba. Ndiye kuti ukalamba umakhala m'malo opapatiza? Ndaganiza zimenezi mpaka tiyi kuzizira.

Lachinayi, 6 Juni
Lero kabiti kowonda ngati singano. Kamayenda ngati nkhono, koma sikabisa kanthu. Masaya olowa, khosi lofota, zonse poyera. Mnzanga wopaka vanishi, uja timamutcha Sandipepa chifukwa cha pakamwa pake, wayang'ana n'kuti, "Achimwene, mwasema munthu kapena matenda?" Ndaseka. Sindinayenere kuseka.
Kabiti kamodzi kathyoka, ndinakakankha mwamsanga. Katsala kamodzi. Abwana sindinawauze.

Lachisanu, 7 Juni
Mayi aja ndi mwana wawo abwera kudzaona nkhope zoyesera ziwirizo. Mwana wagwira yosalala, akuti adadi azikumbukika ali bwino. Mayi maso ndi ofooka, amaona ndi zala. Yosalala aisisita n'kuti, "Uyu sindimudziwa, mwina mlamu wanga." Ya makwinya aigwira pang'ono, n'kubweza dzanja. Chithunzi chija, kani, chinajambulidwa malemu atayamba kale kudwala. Atuluka osagwirizana. Thabwa mayi andisiyira, akuti "muone nokha, bambo." Ine ndione chiyani?

Lamulungu, 9 Juni
Ulaliki sindinaumve, ndivomere. Maso anga anali pa nkhope za akulu a mpingo. Ndazindikira kanthu: mizere ya m'mbali mwa maso ndi ya pakamwa imazama munthu akamaseka. Ya m'masaya ndi ya pakhosi ndi ina, ya kuwonda. Makwinya si a mtundu umodzi! Ndiye biti ikhalirenji imodzi? Pa kompyuta ndingathe kugawa malo: yaikulu idutse nkhope yonse, kowonda kabwerere m'maso ndi pakamwa pokha. Kodi ndi bodza limenelo, kusankha makwinya? Ndafunsa m'pemphero. Yankho silinabwere.

Lachiwiri, 11 Juni
Thabwa lenileni pa makina. Ndapemphera ndisanadine batani, Sandipepa akuti makina samva Amen. Kowonda ndakayendetsa pang'onopang'ono, khutu langa pa kulira kwake. Utuchi ukununkha mafuta ophikira, zaka zonse zija za pa tebulo. Sikanathyoke. Abwana adandaula kuti tsiku lathera pa maso a munthu mmodzi. Ndawauzanso za kothyoka kaja. Nkhope yawo sindiilemba muno.

Lachitatu, 12 Juni
Abwera. Mwana wayang'ana nthawi yaitali. Mayi chala pa tsaya, kukwera, kufika pakona pa diso. Chaima pamenepo. Ine ndikudikira kuti andiuze chomwe ndalakwitsa. Koma sanayankhule ndi ine.
"Nanga mukuseka chiyani, bambo a ana?"