Ndamenya Apongozi ndi Mpini

Bambo a Rumbi,

Musadabwe kupeza pakhomo pali zii. Ndili kuchipatala ndi bambo anu.

Magetsi atathima m'mawa, bambowo anayamba kulumikiza waya wakukhitchini uja osathimitsa swichi yaikulu, ati muno m'Maglas magetsi akapita sabwerako masana. Lero anabwerako waya ali m'manja, dzanja n'kukanirira pomwepo. Ndikanawagwira, akanatitenga tonse awiri. Ndinatola mpini wouma n'kuwamenya pamkono mwamphamvu, kamodzi kokha, iwo n'kugwera uko.

Akuyankhula, koma chikhatho chapsa kwambiri.

Swichi ndathimitsa, musayatse, wayayo akadali pamtetete. Mubwere ndi bulangete lawo.

Pepani, ine muroora ndamenya apongozi anga lero. Mlanduwo sindikana, bola adzauzenge okha, ali moyo.

Yunesi