Mwansa Watakasa Phala Lanu la Tirigu

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji? Ine kuno ku Kabwata mtima uli m'mwamba, ndipo sindidikira kuti ndikhazikike ndisanakuuzeni.

Ndiyambe ndi zazing'ono. Mdzukulu wanu amene munamusiya m'mimba anabadwa, ndi wamkazi, ndipo mphuno ndi yanu ndithu. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chinabereka, ngakhale mbuzi za aneba zinalawa poyamba. Bambo ake a mwana akusokabe pakhonde pa Mmwenye kutauni.

Chimene chinkandisowetsa tulo ndi mlongo wanga Yusufu. Mutapita inu anakwatira Mwansa, mtsikana wa Chibemba wochokera ku Luapula, wopemphera kutchalitchi. Ababa sanamulandire. Chakudya chophika Mwansa sankachikhudza, ngakhale dzina lake sankalitchula. Yusufu anatopa nazo, nandiuza kuti mwezi wa Ramazani ukatha atenga mkazi wake apite kumigodi, osabweranso. Amayi, ndinaopa kuti nyumba yanu ipasuka.

Dzulo ndinati ndiphike phala lanu la tirigu lija, loti timasulire kusala kwa Ramazani madzulo. Chimwalirireni palibe analiyesa. Tirigu wosweka ndinagula kwa Mmwenye, ndinamunyika m'madzi kuyambira dzana. Mbuzi anazinga Ababa okha. Nyamayo ndinaiwiritsa pambaula mpaka kulekana ndi mafupa, ndi adyo, jinja, chikasu ndi tsabola, kenako ndinathiramo tirigu. Fungo lake linaitana ana a mzere wonse wa nyumba! Ndinkangomva mawu anu aja akuti, "Tirigu safuna munthu wothamanga, moto ukhale waulemu."

Koma munandibisa, Amayi, kuti kutakasa kwake n'kothyola msana. Phalalo limafuna kumenyedwa ndi mthiko mpaka nyama isowe, isanduke ulusi. Ine njala ya kusala ili apa, mwana akulira kumbuyo, manja anangoti lobodo. Pansi pa mphika panayamba kugwira.

Mwansa anali atakhala poteropo, monga amachitira Ababa akakhalapo. Anadzuka nati, "Ba mulamu, nipaseni mutiko. Imwe nkhalani na mwana, nizamenya ine."

Ndinayang'ana kukhomo, poti Ababa anali m'nyumba. Ndinadziwa kuti Ababa akamva, mphika wonse upita kwa aneba ndipo Yusufu amanga katundu. Koma phala limapserera, ndiye ndinamupatsa.

Amayi, mukanaona! Mtsikana uja anapana mphika ndi mapazi, nautakasa thukuta lili kamukamu, utsi uli m'maso, osadandaula. Phala linasalala, likutamuka pa mthiko ngati lanu lenileni. Munkanena inu kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ine yanga inali kukazinga anyezi wothira pamwamba ndi kudula mandimu.

Dzuwa litalowa Ababa anamwa madzi, napemphera, natapa phala. Anatapanso. Mbale itayera anandiyang'ana nati, "Mkono uwu si wako, Asiyatu. Watakasa ndani?"

Bodza m'mwezi uno sindikanatha. Ndinati ndi Mwansa. Yusufu anaika supuni pansi.

Ababa anayang'ana m'mbale. Kenako anaitukula ndi manja awiri, naloza nayo kumene kunali Mwansa, nati, "Apongozi, ndionjezereni. Ndipo mawa muphikenso ndinu, uyu wapsereza anyezi."

Mwansa anagwada polandira mbale, misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinaseka ndi kulira nthawi imodzi, ngakhale anyezi wanga analibe vuto lililonse. M'mawa uno Yusufu wapita kutauni kukagula tirigu wina, ndipo za kumigodi sakuzitchulanso.

Ndakusowani kwambiri, Amayi, makamaka dzulo. Ntchito yanu yapeza mwini, ndipo ine nsanje ndilibe, mwina pang'ono chabe. Ndikulonjeza kuti zonse zimene munandiphunzitsa pa mphika ndimuphunzitsa Mwansa, osabisako kanthu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Asiyatu